Maovololo Amene Eni Ake Sanabwerere

Lupe Arreola ndi mwana wachiwiri wa bambo Efraín ndi malemu mayi Consuelo a ku Odessa, tawuni ya zitsime za mafuta. Lupeyo anabereka Mateo ndi Inés, ana aulemu, ophunzira bwino. Anthu amunene zonse, koma ulesi asamunamizire. Manja ake anachita kuthetheka ndi sopo, kuchapa maovololo a anthu okumba mafuta.

Chaka chimene mafuta anakwera mtengo, tawuni inasefukira, ena n'kumagona m'magalimoto. Maovololo ankabwera ali bii, makina ake awiri ochapira osapuma.

"Ababa, ndikufuna makina ena asanu. Koma a banki akuti chikole."

A Efraín anapukusa mutu. Iwo anaonapo mafuta akugwa mtengo Lupe ali wakhanda, nsanja zobowolera zitsime zitagonekedwa m'mipanda, dzimbiri lokhalokha.

"Iwe, mafutawa ndi chidakwa," anatero. "Lero agulira aliyense, mawa ali m'ngalande."

"Ulendo uno ndi wina, ababa."

"Ifenso tinkatero."

Komabe anasaina, poti mwana ndi wawo. Chikolecho chinali nyumba yawo.

Munthu akaweruka masabata ake awiri kuchitsime cha mafuta amasiya maovololo kwa wochapa, n'kudzawatenga pobwerera kuntchito. Mwezi wina, atatu sanatengedwe. Lupe anati eni ake aiwala. Mwezi wotsatira shelefu inadzaza. Ankaimba manambala a patimapepala, mafoni osayankhidwa. Chakudya chinasiya kulowa. Galimoto ya positi ikaima panja, ankayesa yabweretsa kalata ya ku banki.

Tsiku lina kunabwera Dwight, chimphona chobowola zitsime, kasitomala wake wakale.

"Mayi a sopo, ndipatseni maovololo anga onse. Akandifunire ntchito kwina."

"Nanunso mukuthawa, thupi lonseli?"

"Thupi silidya fumbi, mayi. Nsanja yathu aigoneka dzulo. Inu gulitsani makinawo msanga."

Agulitse kwa yani? Msewu wonse unali zikwangwani za ogulitsa okhaokha. Anachotsa antchito, n'kuyamba kuchapa nsalu za kuchipatala cha ziweto, koma zimenezo sizikanakhutitsa banki. Kunyumba kwa bambo ake anasiya kupita, kuopa kukapeza kalata ya ku banki pathebulo.

Kalatayo inafika ndithu, nyumba n'kulandidwa. A Efraín sanaimbe foni. Anangotulukira m'mawa wina ndi masutikesi awiri, chipewa chili kumutu, n'kuima pakati pa makina ozizirawo.

"Kuseriku kungakwane bedi?"

"Ababa, ndidzakubwezerani nyumba yanu. Ndikulumbira."

"Yamba wandipatsa khofi, iwe. Ndayenda wapansi."

Mpaka lero amagona komweko, m'kachipinda kosungira sopo. Za nyumba satchula, ndipo wina akayerekeza kunyoza mwana wawo amam'thamangitsa ndi ndodo. Anthu akuti mafuta ayambanso kukwera. Lupe akamva zimenezo sasangalala, amangotchera khutu kuseriko. A Efraín apitirira zaka makumi asanu ndi atatu, chifuwa sichikuwasiya, ndipo nyumba ija eni ake atsopano aipaka kale utoto wina.