Rozalina, nyanja sinali ngati Luia

Rozalina mwanangu, lero mnzako Marita wabwera kudzandiona kuno ku Mualadzi, mutu uli mbuu ndi imvi. Ndakumbuka tsiku limene asilikali achipwitikizi anakutengani awirinu kuti mukawagwirire ntchito kugombe la nyanja. Unandinong'oneza kuti mukathawa pa bwato mpaka ku Tanzania. Ine, wosaonapo nyanja, ndinati, "Bwato likagubuduka, usenze zovala pamutu, uwoloke ngati pa mtsinje wa Luia." Unaseka, n'kuti, "Ndamva, amayi." Unali wophunzira iwe, unkadziwa kuti nyanja sawoloka ndi miyendo, koma sunafune kundiopseza.

Munathawadi, ndipo ndimanyadira. Koma ku Tanzania Marita anafika yekha. Sindimufunsa momwe unamirira. Ndimangomufunsa ngati unali utadya tsiku limenelo. Akuti unadya, mwanangu, unakhuta.