Maluwa a Abiti Yusufu

Ndikakumbukira Abiti Yusufu, amene tinkayandikana nawo nyumba ku Lungwena, ndimamva fungo la usipa wouma pathandala ndi kukhwekhwereza kwa mapazi awo m'mawa, akuchokera kunyanja ndowa ili pamutu. Maso awo anali atachita nkhungu, koma ankabisa, chifukwa mwana wawo Amidu wa ku Namwera anali atanena kuti akadzasiya kuona adzawatenga akakhale nawo kumtunda. Iwo anabadwira pamchenga, ndipo manda a amuna awo anali pomwepo.

Chaka china mumsika sankalowa poti analibe khadi la chipani limene ankafunsa pachipata, choncho mbewu ya mpiru anagula pamsewu kwa munthu wina wa panjinga. Tinjere take tinali takuda, tozungulira, ngati mpiru weniweni. Anafesa padimba n'kumathirira tsiku ndi tsiku, msana utapindika. Chimene chinamera tonse tinkachidziwa: chitsamba chija chinabwera ndi magalimoto okonza msewu, cha masamba otuwa a mizere yoyera ndi minga, chimene ukachithyola chimatuluka utomoni wachikasu. Ena ankachitcha doza. Chinkamera paliponse pamene dothi lakumbidwa, koma kwathu chinafika maso a Abiti atafooka kale.

Amayi anga anawauza mwaulemu kuti si mpiru. Abiti anagwira tsamba, minga n'kuwabaya, ndipo anangoti, "Ndikudziwa, mwanangu. Ndadzala maluwa." Kuzula kukanakhala kuvomera kuti saona, ndiye anapitiriza kutungira madzi mingayo nyengo yonse ya dzuwa, ndiwo akupempha kwathu. Ine ndinkatopa pongowayang'ana, ndipo ndinkawamvera chisoni.

Amidu anabwera pa chikondwerero cha Idi. Anaima padimbapo n'kuyang'ana zomerazo.

"Amayi, izi n'chiyani?"

"Maluwa. Kodi nkhalamba saloledwa maluwa?"

Amidu anathyola duwa limodzi n'kuliika m'dzanja mwawo. "N'lokongoladi. Tandiuzani mtundu wake."

Abiti analisisita ndi chala, tizipande take topyapyala tikuyoyoka. Chisoso, bonongwe, luni, zonsezo akanazitchula atatsinzina, popeza anaziona ali mtsikana. Koma ili anali asanalionepo chibadwire.

"Loyera," anatero.

Linali lachikasu ngati nthochi yakupsa. Palibe anawatsutsa. Amidu anangowatenga dzanja n'kuwapukuta utomoni ndi m'mphepete mwa malaya ake.

Abiti ananyamuka naye pa lole Idi itangotha, ndowa yawo atatisiyira. Kumtundako sanakhalitse, ndipo anaikidwa komweko, kutali ndi amuna awo.

Lero duwa limenelo ndimalizindikira ngakhale ndili m'basi yothamanga, litamera m'fumbi la m'mbali mwa msewu popanda wolithirira. Ndikaliona mapewa anga amalemera, ngati ndine ndasenza madzi aja.