Mwezi Umene Amayi Ankakweza Wailesi

Kasetiyo inali ndi mng'alu pakona. Pachikuto panali bambo wa jekete loyera, kolala yotsegula, atatsamira piyano ngati munthu wokhuta. Anabwera nayo amalume kuchokera ku Chipata pamodzi ndi wailesi ya mabatire sikisi, chaka chimene ndinali giredi 2, thonje likuyera m'minda ya kwathu ku Zemba, amayi ali ndi pakati potopetsa, atate ali kutali kuntchito.

Chizungu chake sitinkamva. Tinkangomva mawuwo, ofewa, osathamanga, ngati munthu amene sanathamangitsidwepo ndi mvula. Aphunzitsi athu atamva podutsa anaima pakhonde nati nyimbozo si zake, eni ake amaziimba ndi magitala aphokoso, iyeyu amangozitola n'kuzifewetsa ngati phala la wodwala. Amayi anaseka, dzanja lili pamsana. "Nanga za m'buku la kutchalitchi munapeka ndinu, aphunzitsi?"

Mabatire tinkayanika padzuwa kuti abwerere mphamvu. Ntchito yanga inali yobweza tepi ndi bolopeni, kuzungulitsa mpaka mkono kuwawa. Amayi ankaitsegula motsitsa, mbali imodzi basi, akusenda nsawa, kenako n'kuphimba wailesi ndi kansalu.

Mwana anabadwa mu Juni, kuzizira kong'amba milomo. Mwamuna. Ine ndinaona mapazi okha, ofiira, atatuluka m'bulangete. Anakhala ndi moyo masiku anayi. Tsiku lachisanu m'mawa azimayi anamukulunga m'chitenje n'kutsikira naye kudambo ndi khasu limodzi. Popanda amuna, popanda bokosi, popanda nyimbo, chifukwa mchombo unali usanagwe. Azakhali anaima pakhomo, ndinawamva ndi makutu angawa akuuza amayi: "Usalire, iwe. Ameneyu sanali munthu, anangodutsa. Ukalira utsekera anzake njira."

Ndikulemba izi mwana wanga ali pamiyendo, lero tsiku lachisanu ndi chimodzi, mchombo sunagwe. Anamwino kukiliniki ya paboma anati ali bwino, akuyamwa, ndipite kunyumba, koma ine ndikungoika chala pamphuno pake, ndichotse, ndiikenso, madzi awira mpaka aphwa pamoto. Amayi kulibe tsopano. Bwenzi nditawafunsa kuti munthu amapuma bwanji m'masiku amenewa.

Azakhali sankafuna zoipa, lero ndikudziwa. Nawonso anali atatsikirapo kudambo ndi wawo. Koma kuuza munthu mkaka ukudontha m'malaya kuti sanabereke munthu, ayi, Mulungu andikhululukire, sindivomera.

Amayi sanalire. Anthu anawayamikira kulimba mtima. Patapita masiku atatu anatsegula wailesi masana, dzuwa lili paliwombo, natseka chitseko, naikweza mpaka sipika kunjenjemera. Amayi omwe aja oumira mabatire! Tsiku lililonse, mbali zonse ziwiri. Azimayi kuchitsime ankanong'ona kuti waiwala msanga. Mabatire akafooka bambo uja ankaimba mokoka ngati ng'ombe yotopa, koma amayi osazimitsa.

Kwa ine unali mwezi wokoma koposa. Ndinkaitana anzanga, tinkavina pabwalo awiriawiri, fumbi koboo, titagwirana m'mapewa ngati a mtauni.

Tsiku lina mbali yoyamba inatha, wailesi inati thapu, mkati zii. Tinadikira. Ndinakankha chitseko. Amayi anali atagwada pamphasa, nkhope kukhoma, nsonga ya chitenje ataifwinyira m'kamwa, mapewa akugwedezeka, ndipo ankatulutsa kaphokoso kakang'ono ngati ka mwana wa galu. M'nyumba munkanunkha mkaka wosasa.

Ndinati, "Amayi, yatha. Tembenuzani, anzanga akudikira."

Sanacheuke. Anatambasula dzanja, napapasa, natembenuza kaseti, nakweza. Ine ndinatuluka ndikuthamanga, ndinawatsekeranso chitseko bwinobwino, n'kuuza anzanga monyada kuti amayi anga nawonso akuvina, koma amavina chogwada.