Simunalakwe Inu, Nabanda

Nabanda mkazi wanga, lero m'tauni ndamva lole ikulira pii, pii pobwerera m'mbuyo, ine n'kuima pomwepo. Ndakumbuka m'mawa uja, m'zaka za m'ma 1970, tikuchokera kukomboni kwathu ku Ingagula, ine kupita kumgodi, inu kusitolo kumene munkasesa. Munandisasa fumbi la malasha paphewa n'kunena kuti, "Bambo a Joji, mwini sitolo wawachotsa ntchito bambo aja amene amaima kumbuyo n'kumenya lole kuti iime. Akuti ife tili ndi maso." Munaseka. Masana ake lole yobweretsa ufa inakupanikizani pakhoma, inu n'kutisiya.

Amene amandipwetekabe mtima ndi a Tembo, dalaivala wa loleyo, amene tinkapemphera nawo, amene munkawaphikira tiyi m'nyumba mwathu. Kwa apolisi ananena zimene bwana wawo anawauza, zoti munathamangira kumbuyo kwa lole mosasamala. Inu, amene simunkawoloka njanji pa Thomson Junction musanayang'ane uku ndi uku! Ndinawauza kuti limenelo ndi bodza, koma palibe anandimvera. Ndakalamba tsopano, choncho ndikunenanso pano, poyera: simunalakwe inu, Nabanda.