Gawo langa la munda wa amayi

Sinda atakhala boma, oyamba kumva kuwawa tinali ife a lendi. Nthawi imeneyo ndinkagulitsa salaula, zovala zakale zochokera kunja, pamsika, amuna anga anali atamwalira, ndipo ndinkakhala ndi ana anga aakazi awiri m'kanyumba kuseri kwa chigayo. Kunayamba kufika anamwino, apolisi ndi anthu a m'maofesi kuchokera ku Chipata ndi ku Lusaka, onse ofuna pogona, pomwe nyumba zinali zomwe zija.

Eni nyumba, mayi wachikulire amene tinkapemphera mpingo umodzi, anandipeza ndikuchapa. Anacheza za mvula ndi za maliro a kumudzi kwawo, kenako anatsitsa mawu.

"Amake mwana, musandione woipa mtima. Kwabwera bambo wina wa ku ofesi, akufuna nyumba ino. Zimene akupereka inu simungathe."

Ndinapitiriza kufinya zovala.

Amayi anga pomwalira anatisiyira munda, ine ndi achimwene anga. Tili ana, mundawo unali kutali ndi tauni, tinkapita titanyamula madzi akumwa m'chipanda. Koma tsopano nyumba zinali zitafika pafupi, ndipo anthu ankayendayenda ndi zingwe, kudula minda ya anzathu kukhala mapuloti. Achimwene ankakhala ku Katete, ankagula soya ku Vubwi n'kumagulitsa, ndipo ankafuna galimoto yawoyawo.

"Chemwali, tigulitse," anatero atabwera kudzandiona. "Wogula alipo. Inu mupeze nyumba ina ya lendi yabwino, bizinesi yanu ikule."

"Ndikatero, chaka chamawa adzanditulutsanso," ndinatero. "Gulitsani gawo lanu, langa mundisiyire."

"Mumanga ndi chiyani? Ndi salaula?"

"Ndi dothi. Lilipo lambiri."

Tinaitana atsibweni athu kuti atigawire. Achimwene anatenga mbali ya kumsewu, imene wogula ankaifuna. Ine ndinatsala ndi kumunsi, kumene kunali chulu chachikulu ndi mtengo wa mango umene amayi anabzala. Anthu anati andipusitsa, koma chulucho ndinkachifuna, chifukwa dothi lake limaumba njerwa zolimba.

Tinamanga kanyumba ka mitengo ndi udzu pansi pa mango, n'kusamukiramo. Mwana wanga wamkulu analira, ankachita manyazi kuti anzake a kusukulu adzaona kumene tikugona. Ndinamuuza kuti alire ndithu, koma akamaliza akatunge madzi. M'mawa ndinkapita kumsika, madzulo tinkaponda dothi ndi kuumba. Chikombole ndinabwereka kwa abusa. Msana unkawawa moti pogwada kutchalitchi ndinkadzuka nditagwira benchi.

Wogula uja anamanga mpanda wa njerwa wautali, n'kutseka kanjira kathu ka kuchitsime. Tinayamba kuzungulira.

Chaka choyamba ndinachedwa kuotcha njerwa, chifukwa nkhuni zinali zitasowa ndipo mwini ngolo yoti inditutire nkhunizo ankangondizengereza. Mvula inabwera msanga. Ndinali kumsika pamene inayamba, ndipo pofika kunyumba ndinapeza njerwa zasungunuka, matope akuyenderera kulowa m'munda. Ana anali atayesa kuphimba ndi zitenje ndi matumba, iwo eni atanyowa, akunjenjemera. Ndinawalowetsa m'nyumba, ndinawaphikira phala, ndipo za njerwa sitinakambe tsiku limenelo. Dzinja lonse ndinalima mtedza pamalo pomwe panayenera kukhala nyumba. Titangokolola, ndinayamba ndi nkhuni, kuumba kunabwera pambuyo.

Malata ndinkagula ku Katete, kwa bambo wina wachisilamu wobadwira ku Malawi, amene anali ndi sitolo pafupi ndi siteshoni ya minibasi. Ndikapita kukaoda salaula, ndinkagula lata limodzi, n'kulisiya komweko chifukwa ndinalibe posungira. Iwo ankawaimika kuseri kwa matumba a simenti.

"Mayi, ambiri akugulitsa malo masiku ano," anandiuza tsiku lina. "Akabwera kuno amagula wailesi ndi njinga yamoto. Inu nokha mumagula denga la nyumba imene kulibe."

"Ikubwera," ndinatero.

Chaka chachiwiri uvuni unapsa bwino. Mmisiri anamanga zipinda zinayi zondondozana, chilichonse ndi khomo lake. Tsiku lokhoma malata achimwene anatulukira ndi galimoto imene anagula atagulitsa gawo lawo, atanyamula malata anga onse kuchokera ku Katete, ine osawapempha. Anali atamva kuti wogula uja wadula gawo lawo pawiri n'kugulitsa theka pamtengo woposa umene anawapatsa pa lonse. Sanadandaule pamaso panga, ndipo inenso sindinaitchule nkhaniyo. Anavula shati, nakwera pamwamba kukathandiza mmisiri.

Zipinda ziwiri tinalowamo ife. Zinazo anatenga namwino wina ndi mphunzitsi wachitsikana wochokera ku Mkaika, pulasitala asanaume n'komwe. Magetsi tinalibe, pokatunga madzi tinkazungulirabe mpanda, koma sanabwerere.

Lero kumunsi kuja kulinso nyumba mbali zonse, ndipo mapolo a magetsi afika pa mango. Sipatha nthawi osabwera munthu wovala bwino kudzafunsa ngati malo otsalawo ndikugulitsa. Ndimamupatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kumuonetsa maziko amene takumba kutsogolo. Mwana wanga wamkulu anaphunzira kusoka, ndipo akufuna shopu yoyang'ana kunjira, ya zenera lalikulu loti anthu aziona madiresi akamadutsa. Mchenga tatuta kale. Tikudikira kuti mvula ithe.