Sanaone Nkhope

Zefaniya ankasamalira maluwa pa nyumba ina ya mpanda ku Al Warqa. Anali bambo wa ku Mponela, wosalankhulalankhula, woti ukamupatsa moni amayamba wagwedeza mutu, mawu n'kubwera pambuyo. Mkazi wake Towera atamwalira kumudzi, tchuthi chinachedwa kutuluka, ndipo maliro anaikidwa iye ali ku Dubai kuno, paipi ya madzi ili m'manja. Sanaone nkhope. Abale, chinthu chimenechi chimamudya munthu. Kwathu ngakhale mdani amaima pamzere n'kusuzumira m'bokosi kuti mtima uvomereze, koma mwini wake wa mkazi sanasuzumire.

Mwamba, mlonda wa ku Chipata amene ankagona naye chipinda chimodzi ku Al Qusais, ndiye anabwera ndi nkhani ya pa foni. Akuti kuli chomera chaminga chotchedwa kakitasi, ena amachotsamo mankhwala ozunguza bongo, ndipo womwa amaona anthu akufa. Mwamba ankangocheza, pakamwa pake sipankatopa. Zefaniya sanaseke nawo.

Pakona ya mpanda wa abwana panali chomera chachitali chaminga, chofanana ndi cha pa foni chija. Masana ena, eni nyumba atabisala dzuwa, Zefaniya anachitema ndi chikwanje, chinachucha utomoni woyera ngati mkaka. Sichinali kakitasi n'komwe, chinali m'bale wake wa nkhadze, ndipo mwana aliyense wa ku Mponela amadziwa zimene nkhadze imachita m'maso. Koma chisoni chimapusitsa. Misozi itatsika, bamboyo anaipukuta ndi dzanja lomwelo la utomoni.

Kuchipatala Zefaniya ananena kuti ankasadzira maluwa, poti kuno nkhani ya mankhwala otere imathera kundende. Adokotala anati diso lamanja khalas, latha, lamanzere inshallah, Mulungu akalola. Anamumanga mabandeji maso onse awiri.

Mlongo wake wa Zefaniya, Hildah, atamva, anaimba foni akulira. "Achimwene, ndinakubisirani," anatero. "Asanatseke bokosi ndinawajambula alamu. Ndinkaopa kukupwetekani mtima." Chithunzicho chinafika nthawi yomweyo, foni ili m'manja mwa Mwamba, amene anali pambali pa bedi.

"Akuoneka bwanji?" Zefaniya anafunsa.

Mwamba, munthu wa mawu ambiri uja, anayang'anitsitsa chithunzicho. "Ba Zefaniya, aoneka monga agona chabe."

"Tsitsi anamupesa bwino?"

"Anamanga duku yoyera."

"Iye sankakonda duku," anatero Zefaniya, natambasula manja. Mwamba anamupatsa foniyo. Bamboyo anaikweza pafupi ndi mabandeji ake, naigwira chomwecho nthawi yaitali, akutsanzikana ndi mkazi wake. Foniyo inali itazima kalekale, koma Mwamba sanamuuze.