Tsiku limene mayi anakafupa azungu

Tinanyamuka pa Ilford teni koloko m'mawa Loweruka, ine, mayi anga, ndi mimba yanga ya miyezi isanu ndi itatu imene inkatsogola ngati ndiyo ikudziwa njira. Mayi anavala chitenje, duku ndi chikhoti cha mwamuna wanga, ngakhale unali mwezi wa Juni. Kuchikwama kwawo kunkachokera fungo la mazira owiritsa.

Ulendowu sunali wongosangalala ayi. Mayi anabwera kuchokera ku Dedza kudzandidikirira mpaka ndichire, chifukwa mwamuna wanga ankagwira ntchito usiku, ndipo ine, ngakhale ndine namwino, mwana woyamba ndinkamuopa ngati wina aliyense. Koma Lachinayi la sabata imeneyo anandiuza kuti ndiwasinthire tikiti ya ndege azibwerera kwawo.

"Dziko lanuli ndi labwino," anatero, "koma anthu ake sayankha moni. Miyezi itatu ndili pawindo ngati duwa la m'chitini. Ndibwezeni kumene kuli anthu."

Mayi anaphunzitsa kupulayimale zaka makumi atatu, ndipo akanena chinthu sabwereza. Ndinawapempha Loweruka limodzi lokha kuti ndikawaonetse kumene London amasangalalira, kudera la nyumba za zisudzo pakati pa mzinda. Tinapangana kuti akakhala kuti sanasinthe maganizo, Lolemba ndikasintha tikiti. Kunena zoona ndinali ndi mantha. Sindinkafuna kukalowa mu leba mayi anga ali kutsidya kwa dziko.

Pasiteshoni ndinagula matikiti awiri oyendera tsiku lonse, mapaundi asanu ndi timapeni iliyonse, kenako ndinawapatsa malamulo. Asapereke moni kwa aliyense m'sitima. Muholo asayankhe zimene zikunenedwa pasiteji. Ndipo chachikulu, wina akaimba bwino asanyamuke kukamufupa monga timachitira kwathu, poti kuno ndalama umalipira pakhomo basi.

"Linesi," anatero mayi, "tikupita kuzisudzo kapena kukhoti?"

Lamulo loyamba linafa tisanafike pa Stratford. Anapereka moni wachingerezi cha m'kalasi kwa bambo wina amene ankawerenga nyuzipepala, ndipo bamboyo anangoikweza nyuzipepalayo mpaka inaphimba dazi lake. Pa Liverpool Street tinatsikira kusitima yapansi panthaka. Mayi anaima pamwamba pa masitepe oyenda okha n'kumawawerengera nthawi ngati mwana wofuna kulowa mu fulaye, anthu atadzaza kumbuyo kwawo. M'sitimamo mwamuna wina anaona mimba yanga n'kundisiyira mpando osanena kanthu. Mayi anamuthokoza mwa kwathu, kuwomba m'manja ndi kupinda maondo, ndipo munthu wa Mulunguyo anafiira makutu n'kuthawira kukhomo lina.

Tinatulukira pa Leicester Square cha m'ma hafu leveni. Inu amene simunafikeko, ganizirani msika wa Lilongwe tsiku lomaliza sabata ya Khirisimasi, koma aliyense atanyamula kamera m'malo mwa thumba la ufa. Nyumba iliyonse inali ndi zikwangwani za magetsi zoyaka masanasana, nkhope za oimba zazikulu ngati chitseko cha tchalitchi. Kunkamveka zinenero za mtundu uliwonse, mabasi ofiira akukwawa pakati pa anthu, ndi anyamata a njinga zonyamula anthu akuliza mabelu.

"Anthu onsewa mkati mwa sabata amabisala kuti?" anafunsa mayi.

Tinaima pamzere pa kanyumba kogulitsa matikiti otsika mtengo a tsiku lomwelo. Ndinapeza awiri a sewero lanyimbo la hafu thuu masana, mapaundi makumi awiri ndi asanu iliyonse, ndipo ndinapempha mipando ya m'mphepete mwa kanjira chifukwa munthu wapakati sakhala kutali ndi chimbudzi. Mtengowo mayi sindinawauze. Ndinkafuna akhalebe ndi moyo mpaka Lolemba.

Nkhomaliro tinadyera pabenchi. Ine ndinkafuna kulowa mu lesitilanti, koma mayi anatulutsa mazira anayi, mchere wokulunga papepala ndi mbatata yophika dzulo lake. Nkhunda zinatizungulira, zonenepa mpaka kuyenda mopepesa.

"Ndiwo zonsezi zilibe mwini," anadandaula mayi, "ndipo palibe akuziyang'ana kawiri. Ukuona chimene ndikunena za anthu ako?"

Cha m'ma wani tinayenda wapansi kupita ku Covent Garden, kumene ochita masewera amaonetsera pabwalo. Wina ankaponya mipeni m'mwamba atakwera njinga ya tayala limodzi, wina ankaimba mofuula ngati wapsa ndi phala. Kenako tinafika pa chiboliboli cha siliva cha munthu wovala chipewa, chitaima pabokosi. Ndinawauza mayi kuti ndi munthu weniweni wodzipaka penti. Anakana. Anachiyandikira n'kuchipatsa moni, koma icho duu.

"Ndi munthu ndithu," anavomera. "Ndi wa konkuno."

Nthawi yomweyo mayi wina wa kamera anaponya khobidi m'mbale imene inali pansi, ndipo chiboliboli chinavula chipewa n'kuwerama. Mayi anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana ndi diso limene ankayang'anira ana obera mayeso.

"Linesi, wandinamiza. Kuno amafupa."

Ndinayesa kufotokoza kuti panja ndi panja, muholo ndi muholo, koma iwo anali atamasula kale mfundo ya pachitenje. Anaponya khobidi lawo, chiboliboli chinawagwira dzanja n'kuwaweramira mpaka pansi, ndipo mayi anaseka. Kanali koyamba kuwamva akuseka chibwerere. Ndinasangalala, komanso mtima unandiuza kuti malamulo anga awiri otsala aja ali pamavuto.

Nyumba ya zisudzo tinalowamo itangokwana thuu. Mkati munali golide ndi nsalu zofiira paliponse, anthu atasanjikizana m'makonde anayi mpaka kudenga. Mayi wina wakuda wovala kajekete kofiira, wamsinkhu woposa wanga, anaona matikiti athu n'kutilozera mipando ndi tochi. Mipandoyo anapangira anthu osadya. Ndinadzipanikiza momwemo, magetsi anazima, ndipo anthu onse aja anangoti zii nthawi imodzi.

Seweroli linali la mtsikana wosoka zipewa amene ankafunsiridwa ndi bambo wina wa ndevu zopotana. Oonerera tonse tinaonetsedwa poyambirira kuti bamboyo ali ndi mkazi ndi ana awiri kumzinda wina, koma mtsikanayo sankadziwa. Mayi Chingerezi amachimva bwino, ndipo limenelo ndilo linali vuto. Wandevu akangotulukira, ankatsonya. Akagwira dzanja la mtsikana, ankati, "Abale inu!" Gogo wina wachizungu wokhala kutsogolo kwathu anacheuka katatu, ine n'kumangonong'ona kuti sole, sole. Pa nthawi yopuma ndinagula ayisikirimu wa m'kakapu kakang'ono ngati kopimira mankhwala, mapaundi atatu, poganiza kuti pakamwa pozizira sipayankhula.

Gawo lachiwiri linafika pa ukwati. Wandevu anagwada n'kutulutsa mphete, oimba zing'wenyeng'wenye anasiya, ndipo mtsikana anatsegula pakamwa kuti avomere. Muholo monse simunkamveka ngakhale chifuwa. Pamenepo m'pamene mayi anaimirira.

"Iwe mtsikana, usayerekeze! He is married! Two children! Tawaona tonse muno!"

Anagwiritsa mawu a pa asembule, aja omveka mpaka kuseri kwa bwalo la mpira. Holo yonse inaphulika ndi phwete kuyambira pansi mpaka kudenga. Wandevu anakhalabe chigwadire, mapewa akugwedezeka, ndipo mtsikana analuma mlomo n'kuyang'ana kumbali. Ine manyazi anandigwira mpaka m'makutu munatentha. Ndinawakoka mayi chikhoti kuti akhale pansi, mwana naye m'mimba anayamba kumenya mateche ngati akuwavomereza agogo ake.

Malinga ndi mmene analembera seweroli, mtsikanayo anakanadi mphete ija, koma mpaka lero mayi amati anamva malangizo awo. Ataima yekha n'kuimba nyimbo yomaliza, mawu ake akukwera mpaka tsitsi kuimirira, mayi anaimba nthungululu yaitali. Gogo wakutsogolo uja anagwetsa magalasi.

Osewera onse anabwera kudzawerama, anthu anaimirira n'kumawomba m'manja, ndipo ine ndinali ndikulimbana ndi mpando kuti undimasule. Nditakwanitsa kuimirira, mpando wa mayi unali wopanda munthu. Ndinawaona m'kanjira akutsetserekera kusiteji, akuvina pang'onopang'ono monga amavinira pa pelekanipelekani, ndalama ya pepala ya mapaundi asanu ataikweza m'mwamba. Ndinawalondola mothamanga, ngati kuyenda kwa munthu wa miyezi isanu ndi itatu kungatchedwe kuthamanga. M'maganizo ndinkaona kale apolisi akutitulutsa.

Mayi wa kajekete kofiira uja anawatchingira njira atatambasula manja. Anayamba m'Chingerezi, koma mayi anamuyankha m'Chichewa.

"Choka mwana iwe, ndikamufupe mtsikanayo. Waimba ndi mtima wonse, anthu onsewa angomuwombera m'manja ngati akuthamangitsa nkhuku."

"Amai, imani napapata," anatero mayi uja. "Simungakwele pa stage, bazanichosa nchito."

Dzanja la ndalama lija linatsika. "Iwe ndiwe wa kuti?"

"Ku Chipata, amai. Ndine Misozi."

"Chipata? Ndiye kuseri kwa Mchinji pompa! Uli bwanji mwana wanga? Kunyumba ali bwanji?"

Anapatsana moni wathunthu pakati pa kanjira, wofunsana ana ndi mvula, azungu akuwalambalala uku ndi uku. Misozi anandiyang'ana akupukuta misozi ya kuseka.

"Sister, nasebenza muno five years, nthungululu naimvela lelo. Nenze kufuna kuyankha, manje supervisor enze pafupi." Kenako anatsitsa mawu. "Yendani ku back, ku stage door. Bamachokela kwamene kuja kukagula coffee. Kuja kulibe rule."

Cha m'ma hafu faifi tinali m'kanjira kakuseri, pakati pa mabini, pamodzi ndi anthu angapo ofuna kuti osewera awasainire mapepala. Mtsikana uja anatuluka atavala jinzi, wamng'ono thupi moti sungakhulupirire kuti mawu aja anatuluka mwa iye. Mayi anayambanso kavinidwe kawo, anamuzungulira kamodzi, n'kumumata ndalama ija pachipumi. Mtsikanayo anaima chilili maso ali kwa ine. Ndinamufotokozera kuti kwathu munthu akakusangalatsa sumuthokozera patali, umapita pomwe ali kuti adziwe amene wakondwa.

Anafunsa ngati awa ndi mayi anakuwa aja. Nditavomera mwamanyazi, anawakumbatira mayi n'kunena kuti waimba seweroli miyezi yambirimbiri, koma lero ndi tsiku loyamba wina kumuchenjeza. Ndalama ija anati sadzagulira kanthu, akaimata pagalasi pamene amadzolera.

Wandevu naye anatuluka, ndevu atazisiya mkati poti zinali zomata. Anabwera akumwetulira atatambasula dzanja, koma mayi anapinda manja pachifuwa.

"Uyu ayi," anatero. "You, go back to your wife."

Bamboyo anawerama n'kunena kuti akupita komweko.

Sitima ya ku Ilford tinakwera pa Liverpool Street cha m'ma hafu sikisi, dzuwa likadali m'mwamba monga limachitira kuno nthawi yotentha. Mayi anavula nsapato n'kutsamira pawindo akung'ung'udza nyimbo ya mtsikana uja. Ndinadikira mpaka tinadutsa Stratford, kenako ndinalimba mtima.

"Nanga za tikiti ija, mayi? Lolemba ndikasinthe?"

Anayang'ana mimba yanga, kenako nkhope yanga.

"Mwana wa eni ake akulowa m'dzenje iwe ukuona, uli chete. Waimba bwino chonchija, uli chete. Mnzako wa ku Chipata wakupatsa moni, wayankha ndi mano okha. Ine ndimati osayankha ndi azungu, kani ndiwe. Ndikachoka, mdzukulu wanga adzafika padziko kuli zii ngati mbala yolowera pawindo. Tikitiyo isiye."

Ndinaseka, kenako ndinapezeka ndikulira pakati pa anthu m'sitima, chinthu chimene sindinachitepo zaka zonse ndakhala kuno. Ndinanyamuka m'mawa uja kuti ndikawaphunzitse mayi kukhala m'London, osadziwa kuti chimene ndinkachitcha ulemu chinali mantha oti anthu angandione. Bambo wina wa nyuzipepala anandipatsa tishu osandiyang'ana, ndipo ndinamuthokoza mokweza mpaka anayankha.

Mwana anabadwa mu Julayi, masana a Lachiwiri. Anamwino awiri anathamangira m'chipinda chathu poganiza kuti alamu yalira, n'kupeza ndi mayi ataimirira pafupi ndi bedi, duku litapendekeka, lilime lili pantchito. Mzamba anandiyang'ana kuti ndiwaletse. Ndinalibe mphamvu zambiri, koma zochepa zimene zinatsalazo ndinawayankhira nazo mayi nthungululu.